Ndinkayeza Mapazi a Ana a Anthu a ku Joni

Ine kwathu ndi ku Dedza, ntchito yanga ndi yauphunzitsi wa ku pulayimale. Boma litanditumiza ku Mzimba, amuna anga nawo anapempha kusamutsidwa, ndipo mwamwayi anapatsidwa malo pa ofesi ina pa boma pomwepo. Tinapeza kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, ka zipinda ziwiri ndi khonde loyang'ana kumsewu wa fumbi. Chitumbuka ndinkachidziwa cha moni ndi chonenerera tomato basi. Ndikati ndipitirire pamenepo, ana a m'kalasi mwanga ankagwira pakamwa kuti ndisaone kuti akuseka.

Chaka chachitatu tili kumeneko, matenda a geni anandigwira. Anzanga onse anali atawagwira kale. Mafoni ojambula zithunzi anali atatsika mtengo, ndiye aliyense wolandira malipiro pakutha pa mwezi anasanduka mwini sitolo yopanda chitseko. Ukatsegula foni m'mawa, m'magulu onse munkangodzaza zithunzi za malonda. Namwino akugulitsa zitenje, mkazi wa wapolisi mafuta odzola, mphunzitsi mnzanga mawigi ndi zikwama. Ndinkaona ngati wogona ndatsala ndekha.

Tchuthi chitafika ndinakwera basi ya ku Lilongwe, n'kubwerako ndi matumba awiri a nsapato za kaunjika. Ndinasankha zimene zinandisangalatsa ine, za gogoda, zofiira, zonyezimira, zoyenera kuvinira pa ukwati. Pofuna kuti thumba lachiwiri lidzaze, wogulitsayo anaponyamo nsapato zakuda za ana a sukulu zingapo, ndipo ndinamudandaulira kuti akundinyamulitsa zinyalala.

Ndinazichapa zonse, kuzipolisha, kuziyala pa nsalu yoyera pakhonde n'kuzijambula. Kenako ndinamwaza zithunzizo m'magulu onse amene ndinalimo. Mayankho sanachedwe. "Koma ndiye n'zokongola!" "Zingati izi, asisi?" Ndikatchula mtengo, zii. Wina ankati ndimudikire mwezi uthe, koma mwezi ukatha iye yemweyo ankanditumizira zithunzi za nsapato zimene naye wayamba kugulitsa. Ndinatsitsa mtengo, osaphula kanthu. Ndinapempha kulowa m'magulu ena atsopano. Tsiku lina, chifukwa cha phuma, ndinaponya chithunzi cha gogoda zofiira m'gulu la mpingo lolengezera maliro, ndipo mkulu wa mpingo anandiimbira foni modekha kwambiri, kudekha koopsa kuposa kukalipa.

Matumba aja ankakhala kuchipinda kwathu chogona, pafupi ndi chitseko. Amuna anga pofuna kulowa ankayamba agogoda. "Odi, eni sitolo! Kodi mwatsegula, kapena tibwere mawa?" Ine ndinkawagenda ndi pilo. Koma tsiku lina atasiya nthabwala anandiuza zoona. Anati, "Mayi, vuto lanu ndi limodzi. Anthu amene mukuwagulitsa nawonso akugulitsa. Nonse mwaima m'madzi mumtsinje, mukutsatsana madzi." Zinandiwawa. Miyezi itatu inatha, ndinali nditagulitsa mapeyala ochepa chabe, ndipo imodzi ndinagula ndekha.

Chimene chinanditsegula maso sichinachokere m'foni ayi. Chinandipeza m'kalasi.

Teremu itangoyamba, mtsikana wina wa Sitandade 5 ankabwera ku sukulu atanyamula kajumbo m'manja. Ankachokera kumudzi wina wa m'njira ya ku Manyamula, ndipo anali mwana wachete, wolemba bwino. Akafika pafupi ndi kalasi ankakhala pamwala, n'kutulutsa m'jumbomo nsapato zakuda zatsopano, n'kuzivala mokakamiza. Ankalowa akuyenda ngati waponda minga. Akangokhala pansi ankazivula mwakabisira, mapazi n'kuwaika pamwamba pake. Ndinamuona masiku atatu, tsiku lachinayi ndinamuitana pa nthawi yopuma.

"Nsapatozi zikukupweteka eti?"

"Zikundiluma chomene, madamu," anayankha maso ali pansi.

"Nanga ukuvaliranji?"

"Adada ndiwo atumiza kuchokera ku Joni."

"Uwauze kuti zachepa, atumize zina."

Anapukusa mutu. "Adandaula. Akuganiza kuti ndikadali wamng'ono ngati mmene anandisiyira."

Atatuluka ndinakhala kaye pampando. Ana atabwerera m'kalasi ndinayamba kuwayang'ana mmodzimmodzi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati ndikuwaona koyamba. Mnyamata wa kutsogolo anavala juzi yabwino koma manja ake ankathera m'zigongono. Wina malaya ankamufika m'mawondo. Wina anali atatsendera mapepala kutsogolo kwa nsapato kuti zisamavuke. Zovala zonsezi zinali zatsopano ndi zolimba, koma zinali za msinkhu wa mwana wina. Ndinafunsa kuti ndi angati amene bambo awo ali ku Joni. Manja amene anakwezedwa anandidabwitsa, ndinasiya n'kuwerenga komwe.

Sikuti nkhani ya Joni inali yachilendo kwa ine. Munthu sungakhale ku Mzimba osaidziwa. Nyumba za malata zimene umaziona m'midzi, magalimoto okoka ngolo zodzaza katundu amene amafika atafiira ndi fumbi, zonsezi ndi Joni. Koma ndinali ndisanaganizepo za bambo amene waima m'sitolo kutali uko, nsapato ili m'manja, akuyerekeza phazi la mwana amene anamuona komaliza zaka zinayi zapitazo.

Madzulo ake ndinakhuthula thumba lachiwiri lija n'kutulutsa nsapato zakuda zimene ndinkazitcha zinyalala. M'mawa mwake ndinamupondetsa mtsikanayo papepala, ndinazungulira phazi lake ndi pensulo, n'kumuuza kuti Loweruka abwere kunyumba ndi mayi ake.

Anabweradi. Mayi ake anali munthu wamtali, wa maso akuthwa, ndipo Chichewa ankachilankhula mochikoka pang'onopang'ono. Peyala yachiwiri imene tinayesa inamukwana mwanayo bwinobwino. Anayenda kuchoka pakhonde kukafika kumsewu n'kubwerera, kenako anathamanga. Mayi ake anaseka, koma anati ndalama za zinthu zotere amatumiza ndi bambo ake, ndiye aziona kaye. Ndinamuimika mwanayo pafupi ndi mtengo wa mapeyala, ndinamujambula thupi lonse, ndipo mayiyo ananditchulira nambala yoti nditumizeko.

Sipanapite nthawi, foni inalira, nambala yakunja. Ndinaika poti tonse tizimva.

"Monire, aphunzitsi. Kodi uyu ali pachithunziyu ndi mwana wanga?"

"Ndi yemweyo, bambo."

Kenako anati, "Watalika chonchi? Mbwenu ndakhala ndikugulira mwana wina." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kosakanikirana ndi misozi. Analankhula ndi mwana wake, analankhula ndi mkazi wake m'Chitumbuka chothamanga chimene sindinatolepo kanthu, kenako anabwerera kwa ine. Nsapatozo anazifuna. Anafunanso yunifolomu ndi juzi, zoyezedwa pathupi pa mwanayo. Asanadule anawonjezera kuti, "Pano tikukhala anthu angapo a kumudzi m'nyumba imodzi. Foni yanga ikuyenda m'manja m'manja, aliyense akufuna kuona. Ndiwapatse nambala yanu?"

Ndinavomera mosaganiza n'komwe. Lamlungu m'tchalitchi foni inkangonjenjemera m'chikwama mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anasuntha. Potuluka ndinapeza mauthenga a abambo asanu. Aliyense ankatchula mudzi, sukulu ndi kalasi ya mwana wake. Mmodzi yekha ndi amene anatchula saizi ya nsapato, ndipo naye anamaliza ndi kunena kuti sakutsimikiza.

Masana amenewo tinakhala pakhonde ndi amuna anga, ine ndikusenda nandolo, iwo akundifunsa mafunso ngati ali ku ofesi.

"Wogula wanu ndani kwenikweni?"

"Makolo."

"Makolo ake ati? Mayi ali kumudzi ali ndi mwana koma alibe ndalama. Bambo ali ndi ndalama koma alibe mwana pafupi. Nanga ku Joni nsapato kulibe?"

"Ziliko, mwinanso zabwino kuposa zangazi."

"Ndiye akufuna chiyani kwa inu?"

Ndinasiya kusenda. Ankafuna munthu woti agwire phazi la mwanayo ndi manja, ayeze, kenako awaonetse mwana wawo atavala. Ku Joni zimenezo sakanazigula pa mtengo uliwonse. Ndipo mwa anzanga onse otsatsa malonda m'mafoni, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankalankhula ndi abambo amenewa. Tonse tinkalimbirana amayi omwe aja a pa boma, pamene anthu a njala yeniyeni anali kutsidya kwa malire, foni ili m'manja, akudikira.

Mlungu womwewo gogoda zonse ndinakazigulitsa motchipa kwa mayi wina wa benchi mumsika. Sindinazilire. Ndinatsegula tsamba langa pa intaneti ndi gulu la pa foni, ndipo pamwamba ndinalemba chinthu chimodzi chokha, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka chimene anandikonzera mphunzitsi mnzanga: kuti ndimayeza ndi kuveka ana a sukulu a ku Mzimba amene makolo awo ali kutali, ndipo ndimatumiza chithunzi.

Aphunzitsi aakulu atamva anandiitana. Sanakalipe. Anangoti, "Madamu, maganizowa ndi abwino, koma pasukulu pano pasakhale pa msika. Mwana asadzaganize kuti akhoza mayeso chifukwa bambo ake anagula nsapato kwa inu." Ananena zoona. Kuyambira tsiku limenelo tepi yoyezera sinalowenso m'chikwama changa cha ku sukulu. Ndinafunika malo ena, ndinafunikanso munthu wosoka.

Onse awiri ndinawapeza pamodzi. Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika pankakhala telala wachikulire ndi makina ake opalasa ndi mapazi. Anali wa imvi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo ali mnyamata naye anakhalako ku Joni. Nditamufotokozera, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Sitolo yanuyo ili kuti, mama?"

Ndinamuonetsa foni.

"Mmenemo? Nanga mvula ikagwa katundu mumamufunditsa chiyani?"

Anaseka yekha nthabwala yakeyo mpaka kutsokomola, koma anavomera. Loweruka loyamba kunabwera ana anayi ndi amayi awo. Loweruka lachitatu anadzaza khonde lonse, ena atakhala pa masitepe. Iye ankayeza mapewa ndi chiuno, ine mapazi. Ndikasowa mawu a Chitumbuka ankandimasulira, ndipo ndikukhulupirira kuti ankawonjezeramo zake, chifukwa ine ndikanena mawu atatu iye ankalankhula nthawi yaitali amayi n'kumaseka. Nsapato ndinasiya kugula mwachisawawa. Ndinkasonkhanitsa mapepala a mapazi aja, n'kupita nawo kukasankha zakuda zokhazokha, peyala iliyonse ndikudziwa kale mwini wake.

Koma sikuti aliyense anandilandira ndi manja awiri. Loweruka lina kunafika mayi wina ali yekha, osatenga mwana, chitenje atamanga cholimba m'chiuno. Anaima patsogolo panga osapereka moni.

"Ndinu amene mumalankhula ndi amuna anga pa foni?"

Makina a telala anaima.

"Ngati ali ndi mwana wa sukulu, mwina ndine," ndinayankha.

"Ine amandiimbira kamodzi pa mwezi. Inu akuimbirani katatu mlungu uno. Mukukambirana chiyani?"

Ndinamupatsa foni kuti awerenge yekha mauthenga onse. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira mizere. Munali za juzi, za sokosi, ndi funso lakuti mwana ali ndi phazi lalikulu ngati la agogo ake kapena ayi. Munalinso uthenga wina umene ndinali nditaiwala. Bamboyo anali atandipempha kuti ndikapita kumudziko ndiziona ngati pakhomo pake pamafika amuna achilendo, ndipo ine ndinali nditayankha kuti ndimayeza mapazi a ana, za akuluakulu sindizidziwa. Mayiyo atafika pamenepo anaima, n'kuwerenganso kachiwiri. Kenako anaphulika kuseka, anawerengera anzake mokweza, khonde lonse n'kugwa nalo phwete. Anandibwezera foni n'kundithokoza m'Chitumbuka, nati, "Yewo, asambizgi. Loweruka ndibwera naye mwanayo."

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ngakhale wolipira ali ku Joni, bizinesi yanga inali m'manja mwa amayiwa. Ndinakhazikitsa lamulo: palibe kuyeza mwana popanda mayi ake kapena womulera, nsapato asankhe ndi iyeyo, ndipo foni ya ku Joni ndiziyankha iye ali pomwepo. Amene ankafuna ankaima nawo pachithunzi. Ambiri ankafuna, ndipo ankabwera atatchena kuposa anawo. Mayi uja anadzakhala wondilengezera wamkulu kumudzi kwawo, wopanda malipiro.

Dzina litamveka, mapempho ena anayamba kubwera. Wina ankafuna ndimugulire simenti, wina feteleza, wina ndikaone ngati amisiri afika pa lenta pa nyumba yake. Amuna anga, amene poyamba ankandiseka, tsopano ndi amene anatenthedwa mtima. "Mayi, simenti ndiye muli phindu. Tikulitse!" Ndinakana. Ndinawakumbutsa kuti amene anandiuza za anthu otsatsana madzi ndi iwo. Ogula simenti m'malo mwa anthu a ku Joni analipo kale ambiri, achibale ndi eni magalimoto, ndipo milandu yake inali yosatha. Ine simenti sindiidziwa. Ndimadziwa mwana. Ndikamuyang'ana ndimadziwa kuti uyu pofika teremu yachitatu akhala atatalika, nsapato yake ikhale ndi malo a chala chimodzi kutsogolo. Ndinangowonjezera zinthu za m'njira yomweyo, zikwama za mabuku, makope, ndi majuzi ochindikala a mwezi wa Juni.

Ambiri mwa abambowa anali ochokera cha ku Manyamula, ndipo amayi ankavutika kubwera ndi ana mpaka pa boma. Choncho kamodzi pa mwezi ndinkapita ndine. Ndinkanyamuka m'mawa ndi chikwama chachikulu, pena pa galimoto ya matola, pena pa njinga ya kabaza, chitenje nditafunda kumutu chifukwa cha fumbi. Ndinkakhala pansi pa mtengo kuseri kwa magolosale, ana atandizungulira. Netiweki inkapezeka bwino pa chulu china chakumtunda, ndiye ndikamaliza kujambula ndinkakwera pamenepo, dzanja m'mwamba, kudikira kuti zithunzi zipite. Anthu odutsa ankati mphunzitsi wa ku boma uja wayamba kupemphera.

Kumeneko n'kumene ndinalakwitsa chinthu chimene sindidzaiwala. Tsiku limenelo ndinaveka anyamata awiri a Sitandade 3, a sukulu imodzi, a msinkhu umodzi, onse ometa mpala. Yunifolomu yofanana, nsapato zofanana, ndipo ndinawajambula pa mtengo umodzi. Dzuwa linali litandiwotcha, pa chulu paja nyerere zikundikwera m'miyendo, ndinatumiza zithunzi mothamanga n'kutsika.

Ndili m'njira yobwerera, uthenga unalowa kuchokera kwa bambo wa mmodzi wa anyamatawo. Bamboyu anachoka mwana wake akuyamwa, ndipo kwawo kunalibe foni yojambula. Analemba kuti, "Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Mwanayu ndi ine ndendende. Taonani mphumiyo! Anzanga onse kuno akuti sindingamukane." Ndinamwetulira, ndinatsegula chithunzicho kuti ndione mphumi yotamandidwayo. Ndinali nditamutumizira mwana wa mnzake.

Bambo winayo anazindikira msanga, anangolemba kuti, "Uyu si wanga, koma wavala bwino," ndipo nkhani yake inathera pomwepo. Koma uyu wa mphumiyu anali ataika kale chithunzicho pa tsamba lake, anthu akumuyamikira. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amuna anga. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Mungotumiza cholondolacho mwakachetechete, muziti ndi chithunzi china," anatero.

"Anawo ndi osiyana. Aona."

"Ndiye muimbireni. Mukachedwa chifika kwa apongozi ake."

Ndinaimba dzuwa lisanalowe, iye atangoweruka ku ntchito. Ndinapepesa kaye, kenako ndinanena mosazungulira kuti chithunzi chija ndi cha mwana wa mnzake, chake chenicheni ndi chimene ndatumiza tsopanoli. Ndinadikira kukalipiridwa. Ndinamva akupuma, ndiye kuti akuyang'ana chithunzi chatsopanocho.

"Uyu ndiye wanga?"

"Ameneyo, bambo."

"Makutuwa ndi a mayi ake." Anaseka pang'ono. Kenako mawu anasintha. "Aphunzitsi, inu mwalakwitsa kutumiza, zimachitika. Koma ine bambo wake, kulephera kudziwa mwana wanga? Ndamuonetsa kwa anthu onse mwana wa eni ake." Kenako anawonjezera kuti, "Ndapota nanu, mukadzapitanso, mudzamuuze alankhule. Ndimve mawu ake."

Mwezi wotsatira ndinatero. Ndinamuika mnyamatayo foni pakamwa. Poyamba anachita manyazi, akukumba pansi ndi nsapato yatsopano ija, kenako anatchula dzina lake, kalasi yake, n'kunena kuti mbuzi yawo yabereka ana awiri ndipo mmodzi ndi wake. Kuyambira pamenepo mwana aliyense amene ndamuveka ankanena dzina lake ndi mawu awiri atatu kwa bambo ake. Ndinayamba izi pofuna kuti ndisadzasokonezenso, koma zinadzakhala chinthu chimene abambowo ankachidikira kuposa nsapato. Ena ankalakatula ndakatulo ya ku sukulu, ena ankawerenga mpaka teni m'Chingerezi, wina anangoti, "Adada, njinga," n'kuthawa.

Pofika kumapeto kwa chaka, anzanga ena anali atayamba kutengera. Sizinandidetse nkhawa kwenikweni. Midzi ya ku Mzimba ndi yambiri, ana amakula teremu iliyonse, ndipo si aliyense amene angapirire kugwada m'fumbi Loweruka lonse akugwira mapazi a ana a eni. Telala uja anagula makina achiwiri n'kuitana mphwake wamkazi kuti azimuthandiza kusoka. Ifenso tinasamukira m'nyumba ya zipinda zitatu, chimodzi chosungiramo katundu. Kunayambanso kubwera mauthenga a amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Joni, amene ana awo anatsala ndi agogo. Amenewa ndiye ankafunsa zambiri: ngati mwana wanenepa, ngati tsitsi lake ndi losamalika, ngati chifuwa chija chinatha.

Mu Disembala, mvula itayamba, anthu a ku Joni anayamba kufika kudzadya Khirisimasi. Pa boma pankadzaza magalimoto a manambala achilendo ndi amuna ovala majekete achikopa ngakhale kukutentha. Loweruka lina ndili pakhonde paja, ndinaona bambo wina wamfupi, wa mphumi yotakata, akubwera atagwira anyamata awiri, wina dzanja ili wina dzanja ili. Kumbuyo kwake kunali mayi atanyamula tambala womanga miyendo. Anawo ndinawazindikira nthawi yomweyo, ndipo ndinalakalaka kulowa pansi pa makina a telala.

"Ndinu aphunzitsi a m'foni?" anafunsa.

"Ndine, bambo."

"Ndabwera nawo onse awiri kuti mundiuze bwinobwino wanga ndi uti."

Telala, amene nkhaniyi ankaidziwa, anaseka mpaka magalasi anagwera pa nsalu. Ine ndinabisa nkhope m'manja. Bamboyo anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kundiuza kuti pa zaka zonsezi aka kanali koyamba kubwera kumudzi. Anati tsiku la chithunzi lija chakudya chinamukanika, ndipo m'mawa mwake anayamba kusunga ya basi. Mwana wa mnzake uja anamutenga chifukwa, malinga ndi iye, anakhalapo mwana wake kwa theka la tsiku, ndiye sangamusiye osamugulira kanthu. Mkazi wake anandipatsa tambala uja atagwada, ine ndinalandira nditagwadanso.

Ndinatulutsa pepala ndi pensulo kuti ndiyeze anawo za teremu ya Januwale, koma bamboyo anatambasula dzanja. "Lero ndiyeza ndekha. Mungondionetsa." Anagwada pa simenti ndi thalauza lake latsopano, anamuvula mwana wake nsapato, n'kuika phazi papepala. Pensulo inkamuterereka, mwanayo akuseka chifukwa cha kugirigisha, ndipo phazi limene linatuluka papepalapo linali ndi zala zinayi. Anayambiranso. Pepala lachiwiri linatuluka bwino, ndipo analipinda mosamala n'kuliika m'thumba la malaya. Lachitatu ndi limene anandipatsa ine.

Anabwerera ku Joni Januwale ali pakati, koma kuyambira chaka chimenecho ankabwera Disembala aliyense. Tambala uja sitinamudye pa Khirisimasi. Amuna anga anati ndi wokongola kwambiri, tinamusunga, ndipo anavutitsa anthu oyandikana nafe kwa zaka ziwiri.